Wophunzira Atatisowetsa Chonena

Ife aphunzitsi a ku madrasa tinazolowera kufunsa, osati kufunsidwa. Chizolowezi chimenechi anatichotsa ndi mlendo.

Anthu a ku Japan anayamba kalekale kubwera kuno. Achinyamata awo ogwira ntchito mongodzipereka anafika koyamba m'Malawi mu 1971, ndipo bungwe lawo la JICA lili ndi ofesi mu Lilongwe. Bambo wina wa kumeneko, wokhala ku Area 10, anatipempha kuti tiziwathandiza Chingerezi iye ndi mkazi wake. Loweruka lililonse tinkakwera minibasi ku Old Town, n'kutsikira ku City Centre, kwinako wapansi.

Poyamba zinayenda bwino, chifukwa malilime athu amapunthwa pamodzimodzi. Ife timati tebulo, iwo amati teburu: tonse timafuna mawu athere pa lembo la liwu. Koma titawauza kuti "light" ndi "right" ndi mawu awiri osiyana, mayi aja anati: "Pepani aphunzitsi, bwerezaninso. Ife tamva ngati mwanena mawu amodzi kawiri." Manyazi anatigwira, pakuti ankanena zoona. M'Chichewa l ndi r sizisintha tanthauzo la mawu, ndipo Chijapani nachonso sichizisiyanitsa.

Tsiku lina bambo aja anafunsa chifukwa chake Mngerezi amati "you" kwa mwana, kwa agogo, ngakhale kwa mfumu. "Kodi si chipongwe chimenecho?" Apo tinagwirizana nawo, poti ifenso tili ndi iwe ndi inu.

Limene linatisowetsa pogwira ndi ili: n'chifukwa chiyani Lake Malawi alibe "the", pamene mtsinje wa Shire amautchula ndi "the"? Pakamwa panayamba kale kukonza bodza loti titetezere ulemu wathu. Mtima unakana. Tinati, "Bambo, sitikudziwa. Tikafufuza." Tinkaopa kuti ganyu wathera pomwepo, koma bambowo anangoweramitsa mutu n'kuthokoza. Loweruka lotsatira tinawauza kuti mayina a mitsinje amatenga "the", pamene dzina loyamba ndi Lake silitenga, ndipo kuti n'chizolowezi cha chinenerocho basi.

Pobwerera madzulo amenewo tinakumbukira kamnyamata ka ku madrasa kamene kanatifunsa chifukwa chake Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja. Yankho tinalibe, ndiye tinakakalipira kuti kakusokoneza kalasi. Kuyambira tsiku limenelo sikanakwezenso dzanja. Lolemba tinakaitana n'kukapepesa pamaso pa anzake.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nanga mwana akafunsa n'kukalipiridwa, phulalo wamudyetsa ndani? Makolo anzathu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, mwana akakufunsani chimene simukuchidziwa, musamuopseze. Muuzeni kuti simukudziwa, ndipo mawa mukamufunsire kwa odziwa.