Khutu Lililonse ndi Muyeso Wake

Oimba otchuka amavala tizipangizo tam'makutu toumbidwa motsatira khutu la mwini wake. Luso lomweli ndi limene linabwezera agogo anga aamuna, mlimi wa fodya kwa Simlemba, m'macheza a pabwalo.

Ukalamba umayamba wabisa maliwu monga "s" ndi "f", mavawelo n'kutsala. N'chifukwa chake agogo ankamva kuti munthu akuyankhula, koma "kusamba" ndi "kufamba" zinkamveka chimodzimodzi. Kukuwa sikunkathandiza. Achibale anatopa, nayamba kukambirana za munda wa agogowo eni ake ali pomwepo, osawafunsa.

Ku chipatala cha makutu cha African Bible College ku Lilongwe, chomwe chinatsegulidwa mu 2013, anawayeza khutu lililonse palokha. Kenaka anathira phala lofewa m'khutumo, litalimba n'kukhala chikombole. Kachipangizo kawo anakachuna pakompyuta kuti kazikweza maliwu okhawo amene anatayika.

M'kalasi timaphunzira kuti liwu limodzi limasiyanitsa matanthauzo a mawu. Kwathu ndaona kuti limasiyanitsanso mkulu wofunsidwa nzeru ndi nkhalamba yongolonjeredwa. Chaka chino agogo anaperekeza okha mabelo awo kumsika wa Chinkhoma, ndipo mtengo anadzimvera ndi makutu awo.