Pansi pa jakaranda ku Centenary Park

Tinatsika kombi pafupi ndi City Hall cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa la Okutobala likadali lolusa. Tinali atatu: ine, amayi anga, ndi mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa Fomu 6 amene usiku umenewo amapita kudansi yotsanzikana ndi anzake asanalembe mayeso a ZIMSEC. Diresi lake linali lobiriwira, lofika m'mapazi, koma kuphazi anavala patapata, nsapato zazitali zidendene atazinyamula m'jumbo. Mnyamata woperekeza tinamupeza kwa amayi ogulitsa maluwa m'mbali mwa holoyo, akuwerenga ndalama zake kawiri. Atationa anavula chipewa, napereka moni wa Chindebele kwa agogo mawondo atapinda pang'ono. Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenaka anagwedeza mutu kuvomereza.

Tinatsata msewu wa Leopold Takawira kulowera kum'mawa. Misewu ya Bulawayo ndi yotakata zedi. Amati anaiyeza kuti ngolo yokokedwa ndi ng'ombe 16 izitha kutembenuka. Mwezi umenewu jakaranda amayoyola maluwa ake mpaka phula kusanduka lofiirira, ndipo mtsikanayo amayenda atakwinya diresi m'manja kuopa kulidetsa.

Ku Centenary Park sitinali tokha. Akwati awiri anali atafika kale ndi aperekezi awo, poti anthu a mumzinda muno akhala akujambulitsa pakasupe wa pakiyi kuyambira kale. Tsikulo kasupeyo sankatulutsa madzi. Bulawayo ndi mzinda waludzu, madamu ake monga Umzingwane, Inyankuni ndi Ncema amaphwa mvula ikavuta. Tinangodutsa, n'kukaima kufupi ndi nyumba yozungulira ya Natural History Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1964.

Kamera ndinalibe, koma foni. Ndinapukuta kagalasi kake ndi malaya n'kuwaimika awiriwo pansi pa mtengo. Chithunzi choyamba chinatuluka ndi mawangamawanga kumaso chifukwa cha kuwala kodutsa m'masamba. Ndinawasunthira kumapeto kwa mthunzi, dzuwa likhale kumbuyo kwawo. Apa panabuka vuto lina limene aliyense wojambula anthu akhungu lathu amalidziwa: foni imatsata kuyera kwa shati, nkhope n'kuda bii. Mankhwala ake ndi kudina pankhope penipeni kuti foni iyeze kuwala pamenepo. Amayi anamasula nsalu yoyera imene anafunda paphewa, ndipo nditawapempha anaitambasula patsogolo pa anawo, chapansi pang'ono. Kuwala kunabwerera m'masaya mwawo, maso n'kuyamba kunyezimira.

Chovuta kwambiri chinali manja. Mnyamatayo anaima chilili ngati msilikali, osadziwa poika dzanja lake agogo ali pomwepo. Ulemu umenewo unandikhudza mtima, ndipo sindinafune kuuchotsa pachithunzi. Ndinangowauza kuti agwirire limodzi maluwa amene mnyamatayo anagula aja, aziyenda pang'onopang'ono kubwera kwa ine.

"Amalume, tumizani msanga kwa amama, akudikira," anatero mtsikanayo.

Mchemwali wanga amagwira ntchito ku Johannesburg. Fizi yonse ya mwanayu yachokera m'manja mwake, ngakhalenso nsalu ya diresi lija, koma tsikulo sanathe kubwera. Ndinatumiza zithunzi zisanu pa WhatsApp. Sipanathe mphindi, foni inalira, ndipo mayi ndi mwana anayang'anana pakagalasi osatulutsa mawu omveka.

Amayi anakhala pabenchi akupinda nsalu yawo. Bambo anga anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, kudzagwira ntchito kunjanji, ndipo ife tinakulira ku Sizinda pakati pa mabanja ambiri ochokera kumudzi. Chithunzi cha bambo cha paunyamata chilipo chimodzi chokha, chakuda ndi choyera, atavala jekete yobwereka. Anachijambulitsa kuti achitumize kwa makolo awo, aone kuti mwana wawo ali moyo ndipo akudya. Chinabwerera kwa ife patapita zaka zambiri, m'mbali mwake mutadyedwa ndi njenjete. Amayi amachisunga m'Baibulo.

"Iwe, za m'foni zimasowa," anandiuza. "Ukachapitse chimodzi papepala."

Dzuwa litapendeka kuseri kwa nyumba za m'tauni, ndinawapempha kuti aime pakati pa anawo. Anakana kawiri, akuti sanavale bwino. Mdzukulu wawo anawagwira mkono n'kuwadzutsa, mnyamatayo nawapatsa duwa limodzi. Ndinajambula katatu galimoto yodzawatenga isanaimbe hutala kumsewu. Lolemba m'mawa ndinapita nacho chachitatucho kukachapitsa, makope awiri, lina la m'Baibulo, lina lokwera basi ya ku Johannesburg.