Wailesi ya agogo musaigulitse pa sikelo

Abale anga a ku Tsangano ndi ku Macanga, masiku ano m'midzi mwathu mukuyenda anyamata a njinga zamoto ogula zitsulo zakale pa sikelo. Akutenga makasu othyoka, miphika yobooka, ngakhalenso mawailesi a makolo athu, kuti akaphwanye n'kucotsamo waya wa kopa. Ine nchito yanga ndi youlutsa mawu pa wailesi ya m'dera, ndiye nkhani imeneyi imandikhudza.

Mawailesi amene ndikunena ndi aja okhala ndi timababu mkati, timene amisiri amati mavalavu. Mukayatsa sayankhula msanga, amayamba afunda kaye. Yochuka pakati pa anthu a cinenero cathu inali Saucepan Special, yooneka ngati sefuliya yabuluu. Kampani ya Ever Ready ya ku Britain inayamba kuigulitsa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, kuti anthu akumidzi azimva wailesi ya ku Lusaka, imene inkaulutsanso m'Cinyanja. Ya Nzeru ya ku Malawi ndi ya Xirico ya kwathu kuno zinabwera pambuyo, ndipo zilibe timababu.

Yathu inali ya bokosi lathabwa, yoyendera batire. Agogo anabwera nayo kucokera ku nchito ku Salisbury. Nkhondo itakula, bambo anaikulunga m'masaka n'kuikwirira pansi pa nkhokwe, ife n'kuthawira ku Ntcheu. Titabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992, tinapeza ciswe citadya thabwa lakumbuyo ndi nsalu yophimba sipika. Timitu topotokola posaka siteshoni tinali titasweka. Inakhala pakona zaka zambiri, mpaka ndinaitengera kwa amisiri ku Furancungo.

Kalipentala anaceka thabwa lopyapyala la mlombwa, n'kuboola mabowo kuti kutentha kuzituluka, mkati mwake n'kumata kawaya ka sefa kotsekereza mphemvu. Timitu tija anasema kucokera ku nyanga ya ng'ombe. Wokonza mawailesi anasintha makondensa akale a pepala ndi phula, cifukwa amenewa ndiwo amayamba kuwonongeka. Batire lake silipezekanso m'sitolo, conco analumikiza mabatire 10 a mavoti 9 kuti akwane mavoti 90, ndi lina la mavoti 1.5 lofunditsa timababu. Apa ndicenjezeko: ngati yanu ndi ya magetsi, musailumikize mmisiri asanaione. Mkati mwake mumayenda mavoti mazanamazana, ndipo imatha kugwira munthu ngakhale itazimitsidwa.

Pa zinthu ziwiri tinasiyana maganizo. Wina anati ticotse zamkati zonse tiikemo kacipangizo koimba nyimbo za pa memori. Kalipentala anafuna kudetsa thabwa latsopano kuti lioneke lakale. Zonsezi ndinakana. Bokosi lopanda zamkati zake ndi cikwa cimene gulugufe anacokamo kale. Ndipo thabwa latsopano liyenera kuoneka kuti ndi latsopano, kuti mwana akafunsa cifukwa cake mtundu wasiyana, timuuze za nkhokwe ija, za ulendo wa usiku, ndi za amene sanabwerere. Kuseri kwake ndinalembako ndi pensulo caka cimene tinakonza.

Coseketsa n'cakuti mawu anga sangamveke m'wailesi imeneyi. Siteshoni yathu ndi ya FM, pamene iyo imangogwira mafunde aja akale, amene usiku amabweretsa mawu ocokera kutali. Amayi amati ndi momwemo mmene anamvera za ufulu pa 25 Juni 1975, mudzi wonse utaunjikana pabwalo.

Ngati m'nyumba mwanu muli wailesi yotere, ngakhale yakufa, iikeni pouma, patali ndi ciswe. Kenako khalani pansi ndi agogo akadali moyo, muwafunse amene anaigula, kumene anaigula, ndi uthenga umene anamva m'menemo. Zimenezo muzilembe pa pepala, muike m'bokosi momwemo.