Amisiri a Mtanda, Pansi pa Nthaka ya London

Tinatsika pa makwerero oyenda okha mtima uli m'mwamba, pakuti munthu wozolowera kudikira basi pa dzuwa sakhulupirira msanga sitima yoyenda m'mauna ngati mbewa. Siteshoni yake ndi Charing Cross, pakati peni-peni pa London, ndipo masitima a njanji imene lero icedwa Northern anayamba kuimapo m'caka ca 1907.

Kumeneko tinapeza khoma lonse, mamita ngati 100, litadzaza ndi anthu ojambulidwa mwakuda pa zoyera. Ena akuswa miyala, ena akuinyamula pa ngalawa ndi pa akavalo, ena akukanya matope, ena akusema. Anawajambula ndi David Gentleman, ndipo anaikidwa pa khomapo mu 1979. Iye anayamba kuwazokota pa timatabwa tating'ono, kenaka anakuzidwa kufikira msinkhu wa munthu.

Kodi akumanga ciani? Mu 1290 Mfumukazi Eleanor, mkazi wa Mfumu Edward I, anamwalira pafupi ndi Lincoln. Mtembo wake unanyamulidwa ulendo wa masiku ambiri kupita ku Westminster, ndipo mfumu yofedwayo inalamula kuti paliponse pamene maliro anagona pamangidwe mtanda wa miyala, kuti odutsa azipempherera mzimu wake. Mitanda inakwana 12, ndipo wotsiriza unali wa pa Charing. Lero itsalako itatu cabe. Wa pa Charing unagwetsedwa mu 1647 mwa lamulo la Nyumba ya Malamulo, pa nthawi imene olamulira a dzikolo anali kudana ndi mitanda ndi zifanizo za m'machalichi. Umene alendo aujambula kunja kwa siteshoni ya pamwamba ndi wa 1865, ndipo sunaime pa malo a woyamba uja.

Ife tinayembekeza kuti nkhani yotere idzaonetsa ulemerero wa mfumu ndi cisoni cake. Koma khomalo analipereka kwa anchito, ndipo apa tiganiza kuti wojambulayo anaona bwino. Ife amene tatsogolera mapemphero pa maliro ambiri tidziwa kuti anthu akumbukira wolalika, kwaya ndi bokosi lokongola, koma adzukulu amene anakumba manda m'mamawa sachulidwa kawiri-kawiri, ngakhale kuti popanda iwo palibe woikidwa.

Tisaname, oyang'ana khomalo ndi owerengeka. Ambiri maso ali pa foni, ndipo wina anatiguda phewa cifukwa tinaima pa njira. Tinalola masitima awiri kutipitirira kuti tiyende nalo kucokera kokumba miyala mpaka pamene mtanda unatha. Cakumapeto kwake tinaona bambo wina wovala zogwirira nchito, nsapato zili mbuu ndi fumbi la simenti, atatsamira khoma pafupi ndi wonyamula miyala wa zaka 700 zapitazo. Anali ofanana msinkhu. Sitima itafika, bamboyo ananyamula thumba lake nalowa, osaceuka.