Kalata yochokera ku Nottingham: Katundu amene manja amakana kutaya

Okondedwa achemwali,

Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chafika ndipo kukumada 4 koloko isanakwane. Munandifunsa pa foni kuti pa ntchito yosamalira okalambayi chovuta kwambiri n'chiyani. Ndinati ndi msana, poti anthu ake timachita kuwanyamula. Koma chilipo china chosatheka kufotokoza pa foni, ndiye ndati ndilembe.

Tsiku lowawa pa ntchito yathu ndi limene wokalamba akusamuka m'nyumba mwake kupita ku nyumba yosungirako okalamba. Kumeneko amapatsidwa chipinda chimodzi, ndiye katundu wa moyo wonse ayenera kukwana m'masutikesi awiri kapena atatu. Ana amabwera Loweruka ndi majumbo akuda, n'kubwereka chibokosi chachitsulo chotayiramo zinyalala chimene galimoto imadzasiya pakhomo. Pofika Lamlungu madzulo nyumba imafunika ikhale yopanda kanthu kuti igulitsidwe.

Agogo ena amene ndinkawasamalira anandidabwitsa. Firiji, mipando ya sofa, wailesi ya kanema, zonsezo anangogwedeza mutu kuti tengani. Ngakhale dirowa ya kukhitchini, momwe munali makiyi a zitseko zimene zinasinthidwa kalekale, mabatire akutha, mabatani ndi makhadi a Khirisimasi, anailola ataidandaula pang'ono. Nkhondo inabuka pa chikhothi cha malemu amuna awo chimene chinkapachikidwa kuseri kwa chitseko. Chinali chothetheka m'zigongono, batani limodzi linali la mtundu wina, ndipo m'thumba munali tikiti ya basi yofufutika ndi magalasi othyoka mwendo. Mwana wawo wamkazi atachiika m'jumbo, agogo aja, amene sankatha kudzuka okha pa mpando, anadzuka. Anachitulutsa n'kuchifungatira osanena kanthu. Mwana uja anatuluka panja kukalira, akuti watopa. Ine ndinangopita kukatereka tiyi, chifukwa kuno vuto lililonse limayambira pa tiyi.

Musaganize kuti agogowa anali odwala mutu. Matenda osunga katundu alipodi, ndipo ku maphunziro a ntchito amatiphunzitsa za iwo. Amationetsa zithunzi 9 za chipinda chimodzimodzi, choyamba chosesedwa bwino, chomaliza katundu atafika kudenga, kuti tizitha kunena kuti nyumba imene talowamo ikufanana ndi chithunzi chiti. Zithunzi zomwezo amagwiritsanso ntchito ozimitsa moto, chifukwa nyumba yodzaza nyuzipepala ikagwira moto mwini wake sapeza potulukira. Madokotala a maganizo a ku America anavomereza mu 2013 kuti amenewa ndi matenda paokha, bungwe la WHO linatsatira pambuyo pake, ndipo ofufuza amati anthu awiri kapena atatu pa 100 alionse ali nawo. Nkhani yotchuka ndi ya Homer ndi Langley Collyer, pachibale pawo, amene anapezeka atafa m'nyumba mwawo ku Harlem mumzinda wa New York mu 1947. Langley anaphedwa ndi mulu wa katundu wake womwe umene unamugwera akupititsa chakudya kwa mkulu wake wosaona, ndipo mkuluyo anafa ndi njala. M'nyumbamo anatulutsamo katundu woposa matani 100.

Koma amenewo ndi ochepa. Chimene chinadzutsa agogo aja pa mpando tonse tili nacho, inu ndi ine ndemwe.

Mu 1990 akatswiri atatu, Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler, anafalitsa zimene anapeza atayesa ophunzira a pa yunivesite ya Cornell. Anagawa makapu a tiyi kwa theka la kalasi, theka linalo osalipatsa. Kenako anafunsa olandirawo kuti angagulitse pa mtengo wanji, n'kufunsanso enawo kuti angagule pa mtengo wanji. Eni makapu ankafuna ndalama zochuluka pafupifupi kawiri kuposa zimene ogula ankalola kupereka. Kapu yake ndi yomweyo, ya m'sitolo, yopanda mbiri iliyonse, ndipo yakhala m'manja mwa munthu mphindi zochepa chabe. Chifukwa chake, malinga ndi zimene Kahneman ndi mnzake Amos Tversky analemba mu 1979, n'chakuti mtima wa munthu umamva kuwawa kwa kutaya mopitirira mmene umamvera kukoma kwa kupeza. N'chifukwa chake munthu wogulitsa njinga yake yakutha amatchula mtengo woti ogula amangoseka, koma iye sakunama, akuonadi kuti njingayo ndi ya ndalama zimenezo. Ndiye ngati kapu ya mphindi zochepa imagwira mtima chotero, kuli bwanji chikhothi chimene munthu wakhala akuchiona kuseri kwa chitseko zaka makumi anayi? Katswiri wina, Russell Belk, analemba mu 1988 kuti katundu wathu timamuwerengera ngati mbali ya ife eni, n'chifukwa chake munthu woberedwa m'nyumba amalira ngati waferedwa, ngakhale zobedwazo zikhale zotchipa.

Palinso kusunga kobwera ndi umphawi. Okalamba ambiri kuno anabadwa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kapena itangotha, pamene zovala zinkagulidwa ndi makuponi kuyambira 1941 mpaka 1949, ndipo chakudya chinapitirira kuyezedwa mpaka 1954. Munthu woleredwa motero sataya chingwe kapena botolo la jamu. Akamandiuza kuti "chidzagwira ntchito tsiku lina" ndimamva mawu a mayi athu, amene ankati chakudza sichiimba ng'oma. Ndipo kwathuko mawuwo ndi oona: chitini chimasanduka koloboyi, chubu chakutha chimadulidwa malegeni, nsanza imakolopa m'nyumba. Wosauka akasunga, tsiku linalo limafikadi. Vuto limayamba mtima wosungawo ukakumana ndi dziko limene malaya atsopano ku Primark amagulidwa pa mtengo wa chakudya chamasana. Zolowa zimachuluka, zotuluka palibe.

Anthu kuno apanga malonda pa nkhaniyi. Mayi wina wa ku Japan, Marie Kondo, anatulutsa buku mu 2011, kenako pulogalamu pa Netflix mu 2019, yophunzitsa kuti uzigwira chinthu chilichonse m'manja n'kudzifunsa ngati chikukusangalatsa, ndipo ngati sichikutero uchithokoze n'kuchitaya. Pa nsapato ndi mapoto njirayi imathandiza. Koma chikhothi chija sichinkawasangalatsa agogo aja. Chinkawapweteka, ndipo ululuwo ndi umene sankafuna kuti wina awalande. Ndipotu mu 2023 mayi Kondo ananena okha kuti chibadwire mwana wawo wachitatu nyumba yawo simakhalanso yaudongo ngati kale. Ine amene ndimamumvera ndi gogo wina wa ku Sweden, Margareta Magnusson, amene buku lake la mu 2017 limalangiza kuti munthu azigawa katundu wake yekha maso akadali kuona, osasiyira ana chintchito pa nthawi ya maliro.

Tsono musaseke azungu okha, chifukwa ife a kunja kuno ndiye tili ndi mtundu wathuwathu wa vutoli. Lowani m'nyumba ya Mmalawi aliyense kuno, kaya ku Leeds kaya ku Manchester, mupeza makatoni pamwamba pa wadiropu, pansi pa bedi ndi kuseri kwa sofa. Mukafunsa, yankho ndi limodzi: "Za kumudzi izo." Muli makatani a nyumba imene ikadali pa faundeshoni ku Area 25, mapoto osaphikirapo, mabulangete ali m'mapepala ake, nsapato zogulira mwana wa mchimwene amene pano ali ku sekondale ndipo phazi lake linaposa la bambo ake. Ena amafika pochita lendi kachipinda kosungirako katundu ku makampani ngati Big Yellow, n'kumalipira mwezi ndi mwezi mpaka ndalama za lendizo kupitirira mtengo wa katunduyo. Ndi anthu ophunzira, odziwa masamu, anamwino ndi owerengera ndalama.

Ndazilingalira kwambiri zimenezi pa mashifiti a usiku. Makatoni amenewa si katundu ayi, ndi lonjezo. Tonse tinachoka pa Chileka kapena pa Lumbadzi tikunena kuti zaka ziwiri zokha tibwerako. Katoni iliyonse imatiuza kuti ulendo wobwerera ukadalipo, kuti kuno tikungodutsa. Kutsegula katoni ya makatani n'kuwapachika pa zenera la ku Nottingham kuli ngati kuvomera pamaso pa ana ako kuti mwina pano ndi pomwe takhazikika, ndipo mawu amenewo ndi olemera kuposa lendi ya kachipinda. Choncho munthu amalolera kukhala mopanikizana, kumadya pa mbale zogamphuka pamene zatsopano zili pansi pa bedi, kudikira moyo umene sunayambe. Ine sindiona nzeru pamenepo, ngakhale ndikumvetsa kumene zimachokera.

Nkhani ya chikhothi inatha mosayembekezeka. Mdzukulu wa agogo aja, mnyamata wa ku koleji, anachiyesa mocheza, chinamukwana, ndipo anapempha kuti azivala. Agogo anamukonza kolala ndi manja awo, n'kumuuza kuti asataye magalasi ali m'thumbawo. Basi. Zimene jumbo lakuda linalephera zinatheka chifukwa anadziwa kuti chikupita kwa ndani. Ndaziona kambirimbiri: munthu amakana kutaya, koma kupatsa amalola. N'chifukwa chake masitolo achifundo ngati a Oxfam ndi British Heart Foundation amadzaza, ndipo zovala zimene zalephera kugulidwa zambiri zimamangidwa mabelo n'kutumizidwa kunja, zina n'kudzatulukira pa kaunjika ngati wa pa msika wa Tsoka.

Pamenepa ndi pomwe ndimaona kuti makolo athu anaganiza bwino. Kwathu katundu wa malemu sasiyidwa kwa munthu mmodzi kuti alimbane naye yekha. Limaikidwa tsiku, akuluakulu amakhala pansi, ndipo chovala chilichonse chimatchulidwa ndi dzina la wochilandira. Mukumbukira bambo atatisiya, mayi sanasankhe okha kuti jekete ipite kuti, anangoona amalume akuivala. Kuno mwana mmodzi amaimirira yekha m'nyumba ya makolo ake, jumbo lili m'manja, koloko ikuthamanga.

Ndamva kuti mwakangana ndi achimwene pa bokosi lachitsulo lija bambo anabwera nalo kuchokera ku Joni nthawi ya Theba, inu mukuti likungodya malo ndi kuitana mphemvu, iwo akuti lisakhudzidwe. Chonde musalitulutse iwo kulibe. Munthu womutayira katundu mwakabisira sachira, amangosiya kukukhulupirirani, ndipo ngakhale kuno amatiletsa kutero. Khalani nawo pansi, mutsegule limodzi, muwafunse kuti mwa zonsezi chimene chikuwakumbutsa bambo n'chiti. Mapepala a ku mgodi ndi zithunzi muzichotse chiswe chisanafike, muzijambule munditumizire pa WhatsApp. Akafuna kusunga bokosilo, asunge kunyumba kwawo.

Koma mgolo wabuluu umene ndinatumiza uja, umene mwakhala mukundisungira kuchipinda kwa ana, musaudikirenso ine. Dulani loko. Mabulangete apite kwa azakhali ku Dedza nyengo yozizira isanafike, mapoto muziphikira inuyo, zovala za ana mugawire amene zikuwakwana pano. Mgolowo muzisungiramo madzi.

Mupereke moni kwa onse kunyumba.

Ndine mng'ono wanu,
ku Nottingham