Nsima Yosadyeka

Pa zakudya zonse zimene timadya kuno kwathu, chovuta kuumba ndi nsima. Wina angaganize kuti chambo ndiye chovuta poona mamba, zipsepse ndi diso lake, koma chambo chili ndi zizindikiro zambiri, moti ukaphonya chimodzi zinazo zimakuwombola. Nsima ilibe pogwira. Ukaumba kanthu koyera kobulungira, wina amati ndi dzira, wina amati ndi mwala wa kumtsinje. Chimene chimauza maso kuti iyi ndi nsima ndi dzanja la womola: mtanda umakhala wotalikirapo, wosalala pamwamba, ndipo m'mbali mwake muli kamzere kamene chipande chimasiya pochoka. Kuyera kwakenso si kwa pepala. Nsima ya ufa woyera imakhala ngati ikulowetsa kuwala pang'ono, pamene ya mgaiwa ndi yotuwa, yokhala ndi timadontho ta gaga. Zonsezi ziyenera kuoneka pa kanthu kochepa ngati njere ya nyemba.

Ntchito yangayi ndi youmba tizakudya tating'onoting'ono, kutipaka utoto, n'kumata maginito kumbuyo kwake kuti tizikakamira pa chitseko cha firiji. Ndinayamba ndili m'chaka choyamba cha maphunziro anga pano, ndipo ndalama zake ndi zimene zimandigulira mapepala, sopo ndi bando ya intaneti.

Dongo limene anthu ambiri a lusoli amagwiritsa ntchito si la kudambo ayi. Ndi pulasitiki ya PVC yosakaniza ndi mankhwala oifewetsa, ndipo siliuma mpaka utaliwotcha. Lodziwika kwambiri ndi la Fimo, limene linayamba kugulitsidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1960, litachokera m'manja mwa Fifi Rehbinder, mwana wa Käthe Kruse, mayi wotchuka popanga zidole. Limawotchedwa mu uvuni wamba pa madigiri 110 kwa mphindi 30. Ubwino wake ndi woti silinyala ndiponso silichita ming'alu. Chimene waumba ndi chimene chimatuluka. Kuipa kwake ndi mtengo. Kachidutswa kamodzi ka magalamu 57 kamachita kuchokera kunja, ndipo kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndinawerengera ndalama n'kuona kuti kambale kanga ka nsima kadzidula kuposa nsima yeniyeni ya kumalo odyera, ya nkhuku yomwe.

Apa m'pamene ndinayamba kudzikonzera ndekha dongo lina. Umatenga sitachi ya chimanga kapena ya chinangwa, guluu woyera wa akalipentala, mafuta pang'ono ndi vinega, n'kumavundula pamoto wochepa mpaka zitalimba. Amene anandipeza ndikuvundula pambaula ankayesa ndikuphika, ndipo sankalakwitsa kwenikweni, chifukwa mthiko wake ndi womwewo, kavundulidwe kakenso n'komweko. Dongo limeneli limauma lokha ndi mphepo pakapita masiku awiri kapena atatu, limanyala pouma, choncho umayenera kuumba chokulirapo. Likapanda kupakidwa vanishi, chinyezi cha m'dzinja chimalichititsa nkhungu, ndipo mphemvu sizilisiya. Koma pa nsima palibe lina loposa ili. Kulowetsa kuwala kuja limakhala nako lokha, poti nalonso ndi chimanga.

Zida zanga ndi za m'nyumba: singano, lezala, mswachi wakutha ndi timitengo totokosolera m'mano. Mswachi ndiwo umapatsa chitumbuwa khungu lake lokhakhala. Mandasi sindiwapaka penti; ndimapala choko cha ojambula, chachikasu ndi chofiirira, n'kupaka fumbi lakelo ndi kaburashi kouma, kuyambira kowala kumalizira kodera m'nsonga, monga momwe mafuta amapserezera. Usipa umodzi umatenga mphindi zochepa, koma mbale ya usipa imafuna makumi awiri, aliyense ndi kamzere kake kasiliva. Nkhwani wotendera ndiye wanditengera nthawi, chifukwa chobiriwira cha masamba ophika ndi chidulo kapena soda n'chosiyana ndi cha masamba a m'munda, ndipo nsinjiro imachiyeretsa m'njira imene utoto wa m'botolo sudziwa.

Maginito amamatidwa pomalizira. Aang'ono amphamvu aja, a neodymium, amayamba kufooka akatentha kupitirira madigiri 80, choncho salowa mu uvuni. Ndimawakwirira m'kabowo n'kumata ndi guluu wolimba, ndipo aliyense wogula ndimamuuza za ana. Kanthu kooneka ngati chitumbuwa mwana amakaponya m'kamwa, ndipo maginito awiri akamezedwa amakokana m'matumbo mpaka kuboola. Kwa amene ali ndi mwana wokwawa ndimakana kugulitsa tating'ono kwambiri, ngakhale adandaule.

Kupanga chakudya chabodza si chinthu chachilendo padziko. Ku Japan, Takizo Iwasaki anayambitsa kampani yopanga zitsanzo za zakudya mu 1932, poyamba ndi phula, ndipo mpaka lero malo odyera a kumeneko amaika mbale zoterezi pawindo kuti mlendo angoloza chimene akufuna. Kumeneko chakudya chabodza chimaitanira munthu ku chenicheni chimene chili m'khitchini. Changa chimagulidwa kwambiri ndi anthu amene chenichenicho chili nawo kutali. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zounikira magetsi m'dziko muno zinali pafupifupi imodzi mwa khumi zilizonse, ndipo firiji ndi yosowa kuposa apo. Ogula anga ambiri ndi achibale a anzanga okhala ku Johannesburg, Cape Town ndi ku Britain. Safuna keke kapena pizza. Amafuna chimanga chootcha, mbewa zapanitsidwa pa kamtengo, chigumu, thobwa m'chikho. Mayi wina wa ku Leeds anabweza uthenga kuti nyemba ndinamutumizirazo zinali ndi msuzi wochepa, amake sankaphika choncho. Ndinamuumbira zina.

Mu March 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Tchuthi chotsatira ndinapita kumudzi ndi katundu wanga kuti ndikamalizire komweko ntchito imene anthu anali ataitanitsa. Agogo anga aakazi anaumba mbiya ndi mikhate moyo wawo wonse, ndipo ndiwo ankandigawira dongo ndili mwana kuti ndiumbe ng'ombe, poti kwathu miphika saumba mwamuna. Chaka chimenecho pakhomopo nsima inkaphikidwa kamodzi patsiku. Ndinakhala pakhonde ndi timbale makumi atatu todzaza, tina ta nkhuku, tina ta chambo, ana a m'mudzi atandizungulira ali duu. Palibe amene anaseka monga amachitira anzanga kusukulu kuno.

Agogo anatola kamodzi, n'kukatembenuza, n'kukanunkhiza.

"Ufa wathira m'menemu ndi wochuluka bwanji, mdzukulu wanga?"

"Wosakwana kapu, agogo, timbale tonseti."

"Kapu ndi phala la mwana."

Ndinawauza kuti timbale titatu tikagulidwa kunja, ndalama yake imagula ndowa ya chimanga, ndipo ndowa imene inali m'nyumbamo inachokera kumeneko. Sanatsutse, komanso sanavomere. Anangoti dongo lawo linkachokera kudambo, silinkalanda kanthu m'kamwa mwa munthu. Masiku otsalawo ndinaumbira kuseri kwa nyumba, kumene ana sankafika, ndipo chiyambire pamenepo mbale, madengu ndi miphika ya tizakudyati ndimaumba ndi dongo la kudambo la agogo, lowotcha pamakala. Sitachi ndimangoisungira mitanda ya nsima, imene dongo lofiira silingaikwanitse.

Kumudziko kulibe firiji, koma maginito amagwira pa malata. Kambale kamene anatola kaja sanandibwezere. Anakamata pa chitseko chamalata cha khitchini yawo, m'mwamba, pamene adzukulutuvi awo sangafikire.