Kuchoka pa chimbale kupita pa memori khadi

Kanema amene anthu a ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga ku Mozambique, ankaonera m'zaka za m'ma 2000 ankabwera pa chimbale. Zimbalezo zinkachokera ku Ulongwe kapena kutsidya ku Malawi, ndipo anthu ankathithikana m'kanyumba ka vidiyo, jenereta ikulira kuseri. Lero filimu yomweyo imayenda pa kamemori khadi kosaposa chikhadabo. Kusinthaku kunakula foni zitalowa m'midzi, makamaka kampani ya mafoni ya Movitel itayamba ntchito mu 2012, ndipo kunabala ntchito ya anyamata obena, amene amachotsa kanema pa chimbale n'kumusandutsa fayilo.

Wobena amasankha zinthu ziwiri. Choyamba ndi resolution, kutanthauza kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi. VCD, imene inatuluka mu 1993, ili ndi timadontho 352 chopingasa ndi 288 chotsika, pamene DVD ili ndi 720 ndi 576, potsatira dongosolo la PAL lomwe linkagwira ntchito ku Mozambique ndi ku Malawi. Foni yamabatani sifuna zonsezo: fayilo ya 3GP ya 176 ndi 144, kapena ya 320 ndi 240, imaikwanira. Ena amakweza kanema wa VCD kufika pa timadontho 1080 chotsika poganiza kuti awala. Kumeneko n'kungowononga malo, chifukwa kompyuta singabweze timadontho timene pachimbalepo panalibe.

Chachiwiri ndi bitrate, kuchuluka kwa data imene imapatsidwa sekondi iliyonse ya kanema, ndipo ndi iyo imalamula kukula kwa fayilo. Chithunzi cha VCD chimayenda pa 1,150 kbps, moti mphindi imodzi pamodzi ndi mawu imadya pafupifupi 10 MB. Filimu ya ola limodzi pa 500 kbps imatenga 225 MB, mawu osawerengera. Pa 1,500 kbps imafika 675 MB, ndipo khadi ya 2 GB singatenge atatu otere. Njira ya H.264, ya mu 2003, inathandiza kwambiri popeza imafinya bwino kuposa MPEG-2 ya pa DVD.

Mkangano wagona apa. Mlimi amene wagulitsa fodya kapena kachewere amafuna khadi yake idzaze mafilimu ambiri, choncho wobena amatsitsa bitrate. Filimu ya ku Nigeria ya anthu okangana ali khale pabalaza sivutika nazo, poti chithunzi sichisuntha kwenikweni. Gule Wamkulu ndiye amaulula chinyengocho. Chilombo chikangopalasa fumbi, nsanza ndi nthenga zikuuluka, chithunzi chimasweka n'kukhala timabokosi, miyendo n'kusowa m'chimtambo chotuwa. Mpira nawonso n'chimodzimodzi. Kanema wothamanga amafuna bitrate yokwera, ngakhale resolution itakhala yochepa.

Filimu ya pamsika ikaipa, ina ipezeka. Kanema wa ukwati kapena wa kwaya ya pampingo ndi nkhani ina, chifukwa nthawi zambiri amakhala pa chimbale chimodzi chokha, chimene chikakalika chimayamba kudodoma. Wotere, ngati ali pa DVD, ayenera kuchotsedwa kamodzi pa 720 ndi 576, pa bitrate ya 2,000 kbps kapena kuposa, n'kusungidwa pa fulashi. Makope a m'foni azichokera pa fayilo yaikuluyo, popeza kufinya fayilo yofinya kale kumaonjezera timabokosi, ndipo WhatsApp nayo imafinyanso kanema potumiza pokhapokha akatumizidwa ngati dokyumenti.